Makina Tawamangira Nyumba, Mwana Tamusiya Pansi pa Mtengo

M'chaka cha 2021 dzina la Malawi lidamveka m'nyuzipepala za ku Ulaya ndi ku America, ndipo ulendo umenewo nkhani yake sidali ya njala kapena ya katangale. Adalemba kuti sukulu yoyamba pa dziko lonse lapansi yomangidwa ndi makina osindikiza makoma yatsegulidwa m'boma la Salima. Makoma ake adatha m'maola 18 okha. Akuluakulu adaomba m'manja, zithunzi zidazungulira dziko lonse. Papita zaka tsopano, ndipo ine ndikufuna kufunsa funso limene silifunsidwa pa miyambo yodula riboni: kodi mwana wa Sitandade 1 amene lero wakhala pafumbi pansi pa mtengo wa mango, makina aja amuthandiza chiyani?

Poyamba tiyeni timvetsetsane za makinawo, chifukwa ambiri tidangomva dzina loti 3D osadziwa kuti chimachitika n'chiyani. Mmisiri wa mapulani amajambula nyumba pa kompyuta. Pamalo pomangapo amaimika nsanamira zachitsulo, ndipo pamwamba pake pamayenda kamlomo kotulutsa dothi la simenti ngati mankhwala otsukira mano. Kamlomoko kamatsata pulani ija, kuyala mzere umodzi pamwamba pa unzake mpaka khoma litakwera. Palibe njerwa, palibe chingwe cha bilidala. Makina amene adagwira ntchito ku Salima adapangidwa ku Denmark ndi kampani ya COBOD. Amene adawabweretsa ndi a 14Trees, kampani imene idakhazikitsidwa ndi Holcim, chimphona cha simenti cha ku Switzerland, pamodzi ndi CDC, bungwe la boma la Britain. Akuluakulu amene mudakhalako nthawi ya atsamunda mukulikumbukira bungwe limeneli: lidayamba mu 1948 ndi dzina loti Colonial Development Corporation, ndipo kuchokera mu 2022 likutchedwa British International Investment.

Eni makinawa adabwera ndi masamu awo. Adati bungwe la UNICEF lidawerengera kuti Malawi akuperewera zipinda zophunziriramo 36,000, ndipo kuti pomanga mwa masiku onse pangatenge zaka 70 kuti dzenje limeneli likwiririke, pamene ndi makina awo zaka 10 zokha n'zokwanira. Masamu okoma kumva. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Maola 18 aja adali a makoma okha. Khoma si kalasi. Maziko amakumbidwa ndi anthu, denga amakhoma ndi akalipentala, zitseko ndi mazenera amaika ndi manja, ndipo malata, mitengo ya denga, misomali ndi madesiki zonse zimafuna ndalama monga kale. Ndipo ndani adakuuzani kuti ana athu ali panja chifukwa chakuti abilidala a ku Malawi ali ndi manja olemera? Yendani m'midzi muone. Mudzapeza mauvuni a njerwa zimene makolo adaumba ndi thukuta lawo atamera udzu, kudikira simenti imene phungu adalonjeza pa kampeni. Mudzapeza makoma ofika pazenera, osafoleredwa, mbuzi zikugonamo. Chimene chimachedwetsa kalasi m'dziko muno ndi ndalama imene siifika, kapena imene imafika itadyedwa theka panjira.

Tisaiwale msanga. M'chaka cha 2000 dziko lino lidagwedezeka ndi nkhani ya K187 miliyoni ku Unduna wa Zamaphunziro, ndalama zimene zidalipidwa kwa makontirakitala a ntchito zomanga masukulu, pamene ntchito zambiri sizidagwiridwe kapena sizidathe. Nthawi imeneyo ndalama imeneyi idali phiri. Kodi makina a ku Denmark akadaletsa kuba kumeneko? Makina amasindikiza khoma, sasindikiza chikumbumtima. Wakuba amene adadya ndalama ya njerwa adzadyanso ndalama ya makina, ndipo mwina adzadya bwino koposa, chifukwa mfumu ya m'mudzi imadziwa mtengo wa njerwa chikwi chimodzi koma siidziwa mtengo wa dothi lochokera m'fakitale.

Pali nkhani inanso imene aliyense wokhala m'tauni akuidziwa bwino: ndalama zakunja. Kwacha yathu idagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Taima pamizere ya petulo usiku wonse. Taona mtengo wa thumba la simenti ukukwera ngati nyani pamtengo. Tsono dziko losowa madola ogulira mankhwala a m'chipatala liziika chiyembekezo cha ana ake pa makina amene chitsulo chimodzi chikathyoka tiyenera kuitanitsa ku Ulaya? Makina amenewa amafuna lole yowanyamula, msewu wopitika, magetsi kapena jenereta, madzi okwanira ndi katswiri wowayendetsa. Sukulu zimene zikusowa makalasi kwambiri ndi zomwe zija zili kutsidya kwa mtsinje wopanda mlatho.

Matenda athu ndi akale, ndipo ndiwatchula dzina: timakonda chinthu chimodzi chonyezimira choonetsa alendo. Mu 1981 Dr. Kamuzu Banda adatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama m'boma la Kasungu. Nyumba zokongola, dziwe lokumba, laibulale yochititsa kaso, aphunzitsi ochokera kunja, ana akuphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Alendo ankapita kukaona n'kumagwedeza mitu. Koma makilomita ochepa kuchokera pampanda wa sukuluyo ana a alimi a fodya ankalemba ndi chala pamchenga, ndipo wolankhulapo ankadziwa kumene akagone. Pa 8 Malichi 1992 maepiskopi a Chikatolika adatulutsa kalata yawo ija imene idatsegula pakamwa pa Amalawi, ndipo pakati pa zilonda zimene adazivundukula padali kuthithikana kwa ana m'makalasi ndi kusowa kwa aphunzitsi ndi zipangizo. Kalasi yodzaza idali imodzi mwa milandu imene tidazengera boma la chipani chimodzi. Pa 14 Juni 1993 anthu adasankha nyali, tambala wakuda adagwa.

Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi lidachotsa fizi ku pulayimale. Chidali chinthu chabwino, ndipo palibe angachinyoze. M'chaka chimodzi ana adachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Koma makalasi sadabereke. Ana adasefukira m'matchalitchi, m'zisakasa ndi pansi pa mitengo. Ine ndi anzanga a msinkhu wanga ndife ana a pulayimale yaulere imeneyo. Tidabadwa matipate atabwera kale, tidauzidwa kuti mtengo uja ndi wongoyembekezera. Lero ana a anzanga akuphunzira pansi pa mtengo womwewo, wangokula nthambi. Maboma asinthana, mitundu ya nsalu za chipani yasintha, koma lamulo la boma loti kalasi imodzi ikhale ndi ana 60 likadali loto. M'makalasi a ang'onoang'ono, mphunzitsi mmodzi kuyang'anizana ndi ana opitirira 100 si nkhani yodabwitsa munthu. Chipinda chosindikizidwa cha ku Salima ndi cha masikweya mita 56. Mukaikamo ana 100, aliyense apeza kamalo kongokwana theka la sikweya mita. Makina asintha kamangidwe ka khoma, koma mwana akadali wopanikizika.

Tsopano tibwere ku makina achiwiri, amene alowa m'kati mwa kalasi: matabuleti. Pano ndiyenera kunena chilungamo. Bungwe la onebillion la ku Britain lidapanga maphunziro a masamu ndi kuwerenga m'Chichewa, ndipo adayamba kuyesa a masamu pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe mu 2013. Ofufuza a ku yunivesite ya Nottingham adapeza kuti ana ogwiritsa ntchito matabuletiwa ankapita patsogolo pa masamu. Mu 2023 boma lidayambitsa ndondomeko ya BEFIT, yofuna kufikitsa matabuleti kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zonse za boma. Mwana amavala zomvera m'makutu, makina amamulankhula m'chinenero cha amayi ake, amamudikira akalakwitsa, samukalipira, samukwapula. Kwa mwana amene mphunzitsi sadziwa n'komwe dzina lake chifukwa cha kuchuluka, mphindi zimenezo ndi zamtengo wapatali. Ine sindikutsutsa zimenezi.

Chimene chikundiwawa ndi chimene matabuletiwa atiululira za ife eni. Taonani mmene timasamalirira makina. Tabuleti siifuna kunyowa, choncho pamene ikugona padenga sipadontha. Tabuleti imafuna moto, choncho padenga pamaikidwa sola, ngakhale pa sukulu imene chiyambire siidaonepo babu. Tabuleti ingabedwe, choncho pamabwera chitseko chachitsulo, loko wamphamvu ndi zitsulo za pazenera. Tabuleti imadana ndi fumbi, choncho pansi pamakhala simenti yosalala. M'sukulu zimene zidayamba kulandira makinawa ankamanga chipinda chapadera, ndipo kawirikawiri chimenecho ndicho chidali chipinda chabwino koposa pa sukulu yonse. Mwana amagwira makinawo kwa kanthawi, kenaka amabwerera kwawo kufumbi.

Amalawi anzanga, tamvani bwino. Pamene tabuleti idafuna denga, denga lidapezeka. Pamene idafuna magetsi, magetsi adapezeka. Mwana wakhala akufuna zomwezi kuchokera mu 1994, ndipo yankho lakhala lakuti boma lilibe ndalama. Kodi mwana wa munthu ndi wotsika mtengo kuposa galasi la m'manja? Kodi mapapo ake sadana ndi fumbi? Kodi kope lake silinyowa?

Lowani m'kalasi wamba, ija timati yamakono chifukwa ili ndi malata. Mwezi wa Okutobala ku Nsanje, ku Chikwawa kapena ku Salima komweko, malata opanda siling'i amasandutsa chipinda kukhala uvuni. Ikamakwana 11 koloko ana ali lefu, ena akusinza, mphunzitsi thukuta kamukamu. Dzinja likafika, mvula ikangoyamba kuomba pamalata, phunziro latha, pakuti ngakhale mphunzitsi akuwe bwanji, wakumbuyo samva kanthu. M'malo mwa mazenera tidazolowera kuika mabuloko a mabowo chifukwa ndi otchipa ndipo sasweka, koma kunja kukachita mitambo m'kati mumagwa mdima, mwana wakumbuyo saona zolembedwa pa bolodi. Awa ndiwo mavuto enieni a kalasi ya ku Malawi: kutentha, phokoso, mdima ndi kuthithikana. Luso lililonse latsopano liyenera kuyezedwa pa sikelo imeneyi. Ngati silichotsa ngakhale limodzi mwa mavuto anayiwa, ndi chidole cha akuluakulu.

Ndipo luso lothetsa mavutowa lilipo, lidayesedwa kale muno mu Africa. Ku Burkina Faso, dziko lotentha ndi losauka ngati lathu, kuli mudzi wotchedwa Gando. Mwana wa m'mudzimo, Francis Kéré, adakaphunzira za mapulani a nyumba ku Berlin, ndipo adabwerera kudzamanga sukulu ya pulayimale imene idatha mu 2001. Sadabwere ndi makina osindikiza. Adatenga dothi la pomwepo, n'kusakaniza ndi simenti pang'ono, n'kuumba njerwa zolimba. Denga lamalata adalikweza m'mwamba pa zitsulo, kulisiyanitsa ndi siling'i ya dothi yokhala ndi mipata, kotero kuti mpweya wotentha umakwera n'kutuluka, wozizira n'kulowa pamazenera. Dengalo adalitulutsa kunja kwambiri kuti liteteze makoma ku dzuwa ndi mvula. Omanga adali anthu a m'mudzi momwemo, ndipo luso lidatsala m'manja mwawo. Mu 2022 Kéré adalandira mphoto ya Pritzker, yaikulu koposa kwa amisiri a mapulani, ndipo adali woyamba wa mu Africa kuilandira. Kumeneko ndiye kuganiza. Munthu adayamba wafunsa kuti mwana akumva bwanji m'chipindamo, kenaka n'kufunafuna luso loyankha funsolo. Ife timayamba ndi makina, kenaka n'kufunafuna mwana woti aime pambali pake pojambula chithunzi.

Kuno kwathunso njira yotere si yachilendo. Mu 2018 boma lidaika malamulo oletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma ndi zamalonda, pofuna kupulumutsa mitengo imene ikuthera m'mauvuni. Aliyense woona mmene mapiri a Ndirande ndi Soche adametedwera mpala sangatsutse cholinga chimenechi. M'malo mwake muli mabuloko a simenti ndi njerwa zotsindira, zija amasakaniza dothi ndi simenti pang'ono, n'kuzipanikiza m'chikombole chachitsulo chokoka ndi manja, n'kuziumitsa pamthunzi akuzithirira madzi. Chikombole chimenechi sichifuna magetsi, chimakwera pangolo, ndipo owotcherera zitsulo a m'matauni mwathu angathe kuchikonza chikathyoka. Achinyamata amene amaliza maphunziro a zomangamanga m'makoleji a ntchito zamanja ali mbwee m'makwalala, kugulitsa mayunitsi. Dziko lodzaza ndi manja osowa ntchito likunyadira makina amene ubwino wake waukulu ndi wakuti safuna manja ambiri. Kodi pamenepa nzeru ili pati?

Palinso phunziro limene mvula yatiphunzitsa ndi chikwapu. Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022, Freddy mu Malichi 2023. Namondwe wa Freddy yekha adasamutsa anthu opitirira theka la miliyoni m'chigawo cha kummwera. Kodi anthuwo adathawira kuti? Ambiri adathawira kusukulu. Makalasi adasanduka misasa, maphunziro adaima, ndipo makalasi ena adagwa kapena kusasuka madenga. Tsono kalasi ya ku Phalombe, ku Mulanje kapena ku Chikwawa iyenera kumangidwa podziwa kuti tsiku lina idzasunga miyoyo: pamalo okwera, maziko otukuka, denga lomangiriridwa ku khoma ndi zitsulo, thanki yokolola madzi a padenga, zimbudzi zosagumuka, ndi sola yowunikira usiku. Masiku ano zithunzi za m'mlengalenga zimaonetsa bwino lomwe kumene madzi amadutsa akasefukira. Limenelo ndi luso lamakono lofunika kuposa lina lililonse, chifukwa limauza womanga kuti apa usamangepo. Koma kangati malo a sukulu amasankhidwa ndi mapu, ndipo kangati amasankhidwa ndi mavoti?

Ndipo tikamakamba za sukulu yamakono, bwanji sitiyambira kuchimbudzi? Mtsikana wa Sitandade 7 amene wayamba kusamba, sukulu ikakhala yopanda chipinda chosinthira ndi madzi, amakhala kunyumba masiku angapo mwezi uliwonse, mpaka tsiku lina osabwereranso. Mwana woyenda pa njinga ya olumala amaima pakhomo la kalasi chifukwa cha masitepe atatu. Palibe nduna imabwera kudzatsegula chimbudzi, palibe wailesi ya kanema imajambula kanjira kotsetsereka ka pakhomo. N'chifukwa chake zinthu zimenezi zimakhala kumapeto kwa pulani, ndipo ndalama zikachepa ndizo zimayamba kudulidwa.

Ndikudziwa zimene ena anene. Adzati mnyamata uyu akudana ndi chitukuko, akufuna Malawi atsalire m'mbuyo pamene maiko anzathu akuthamanga. Mawu amenewa tidawamvapo kale. M'masiku a chipani chimodzi, wofunsa mtengo wa nyumba yachifumu ankatchedwa chigawenga. Lero wofunsa mtengo wa makina akutchedwa wotsalira. Nyimbo ndi yomweyo, angosintha ng'oma. Ine ndikuti makina abwere. A 14Trees ayese luso lawo, ndi ufulu wawo, ndipo ndi amalonda, sadabise. Matabuleti afike kwa mwana aliyense. Koma wogula ndi ife, ngakhale ndalamayo ikhale ya ngongole kapena ya thandizo, chifukwa ngongoleyo adzabweza ndi ana omwewa. Safunsa adadya phula.

Apa ndiye pagona nkhani ya demokalase. Makolo a kumudzi amaitanidwa kukatuta mchenga, kuswa miyala ndi kutunga madzi. Wosapita amalipitsidwa nkhuku kwa amfumu. Koma ndi liti pamene adaitanidwa kudzaona pulani? Ndi liti pamene mphunzitsi wa Sitandade 1, amene amathera moyo wake m'chipindamo, adafunsidwa kuti zenera likhale mbali iti, bolodi likhale lalitali bwanji? Pulani imajambulidwa ku Capital Hill kapena ku likulu la bungwe lothandiza kutsidya kwa nyanja, ndipo imodzimodziyo imamangidwa ku Dedza kozizira ndi ku Nsanje kotentha. Munthu amene amasenza mchenga koma alibe mawu pa chimene chikumangidwa, makolo athu ankati ali pa thangata. Sitidavotere nyali kuti thangata abwerere atavala kompyuta.

Choncho ndikupempha zinthu zooneka, zimene boma lililonse lofuna lingachite popanda kudikira wothandiza. Pakhomo pa sukulu iliyonse imene ikumangidwa pakhomedwe chikwangwani cha m'chinenero cha anthu a pamalopo, chonena ndalama zonse, dzina la kontirakitala ndi tsiku lomaliza ntchito. Luso lililonse latsopano lisanafalitsidwe, Unduna wa Zamaphunziro utulutse poyera mtengo wa kalasi yathunthu, kuyambira maziko mpaka desiki, pambali pa mtengo wa kalasi ya njerwa zotsindira, kuti Amalawi ayerekeze okha. Sola yoikidwa chifukwa cha matabuleti iwunikirenso makalasi ndi nyumba za aphunzitsi. Mapulani asiyane malinga ndi dera, ndipo komiti ya sukulu ndi aphunzitsi aziwaona ndi kuwavomereza njerwa yoyamba isanayalidwe. Aphungu a ku Nyumba ya Malamulo afunse chaka ndi chaka kuti pa makalasi 36,000 aja patsala angati, ndipo yankho lisindikizidwe m'nyuzipepala. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la sukulu silingasenzedwe ndi mutu wa katswiri yekha.

Mawu anga otsiriza apite kwa inu a m'tauni, ndi kwa inu akuluakulu amene mudabwerako ku Lusaka, ku Dar es Salaam, ku Harare ndi ku London mutatha zaka zambiri m'thengo chifukwa chokana kuwerama. Ambiri a inu ana ndi adzukulu anu ali m'sukulu zolipira, za matailosi ndi mafani. Sindikukuimbani mlandu, kholo lililonse limafunira mwana wake zabwino. Koma inu ndinu amene mumakhala m'mabodi, mumalemba malipoti, mumaitanidwa ku misonkhano ya ku mahotela a kunyanja kumene makina atsopano amaonetsedwa. Mudalimba mtima kufunsa Ngwazi mafunso pamene kufunsa kudali imfa. Musachite manyazi kufunsa wamalonda wovala tayi. Akakuonetsani khoma lomangidwa m'maola 18, mufunseni kuti denga ndi ndalama zingati, mudzalowa ana angati, ndipo mu Okutobala mudzatentha bwanji. Akalephera kuyankha, musaombe m'manja.